Matenda a Multiple Sclerosis: Zimene Tinaphunzira kwa Mnzathu

Mau amene mlembi wa bungwe la amayi analankhula pa tsiku la chikondwerero



Pa tsiku ngati lino mlembi amawerenga zabwino zimene bungwe lachita: odwala amene tinawayendera, maliro amene tinagwirapo ntchito, ndi ndalama zimene zinalowa ndi kutuluka. Zonsezo zalembedwa pa masamba ena. Koma komiti inagwirizana kuti chaka chino tinene za chinthu chimodzi chimene sitinachite bwino, ndi phunziro limene tinatolapo. Nkhani yake ndi ya mnzathu wina wa m'bungwe lomwe lino. Dzina sititchula, koma eni ake anatilola, nati, "Kaneneni, kapena wina angathandizike."

M'mene zinayambira

Mayi amenewa tonse tinali kuwadziwa kuti ndi amphamvu pa ntchito. Pa maliro ndiwo anali kuyamba kusonkha moto ndi kuvundula nsima ya mu mphika waukulu. Atangopitirira zaka 30, diso lawo limodzi linayamba kupweteka ndi kuona mwachimbuuzi. Patapita masabata angapo linayera lokha. Chaka chinzake mwendo wakumanzere unachita dzanzi, nayamba kuukoka poyenda. Umenewonso unachira. Pambuyo pake kunabwera kutopa kwakukulu, kotero kuti masiku ena anali kulephera ngakhale kusesa pabwalo.

Nanga ife tinaona chiyani? Tinaona munthu wa thupi labwino ndi nkhope yosalala, amene sabata ino ali kuseka nafe, sabata inayo watumiza mwana kudzanena kuti sangathe kudzuka. Tsono tinayamba kunong'onezana. Ena anati ndi ulesi, ena anati akuthawa ntchito ya kumaliro. Tsiku lina anadzandira pa msewu dzuwa liri paliwombo, ndipo mphekesera inawanda kuti ayamba kumwa mowa mobisa. Achibale akuchimuna anati alodzedwa, ndipo mbuzi ziwiri zinapita kwa asing'anga popanda phindu. Zinatenga zaka kufikira pamene mng'ono wawo, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anawatengera komweko. Madokotala anawaunika mutu ndi msana ndi makina otchedwa MRI, napimanso madzi a mu msana, ndipo anapeza kuti ali ndi matenda otchedwa multiple sclerosis, mwachidule MS.

Atabwerako anatisonyeza mapepala a kuchipatala, ndipo mnzathu wina amene ndi namwino anatifotokozera. Manyazi anatigwira tonse. Kuyambira pamenepo takhala tiri kuphunzira, ndipo mphunzitsi wathu wamkulu ndi wodwala yemweyo.

Kodi matendawa ndi otani?

Ubongo umalamulira thupi potumiza mauthenga kudzera m'mitsempha imene imatsika m'kati mwa fupa la msana. Mitsemphayi ndi yokutidwa, monga m'mene waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Khoswe akatafuna pulasitikiyo, nyale imayamba kuphethira, nthawi zina kuyaka, nthawi zina kuzima. Pa matenda a MS chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimasokonezeka ndi kuyamba kuononga chokutira cha mitsempha ya mu ubongo, ya mu msana ndi ya maso. Pamene paonongeka pamatsala chipsera, ndipo dzina la matendawa litanthauza zipsera zambiri. Uthenga ukafika pa chipsera umachedwa kapena kulephera kudutsa. Ndicho chifukwa chake wina amadandaula maso, wina miyendo, wina chizungulire, wina chikhodzodzo, malinga ndi malo amene zipserazo ziri.

Amene anafotokoza matendawa momveka bwino koyamba ndi dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, m'chaka cha 1868. Bungwe la MS International Federation linawerengera m'chaka cha 2020 kuti pa dziko lonse panali anthu 2.8 miliyoni odwala matendawa. Pa odwala atatu alionse, awiri ndi akazi, ndipo kawirikawiri amayamba pakati pa zaka 20 ndi 40, nthawi imene mayi ali kulera ana ndi kusamala banja. Amachuluka m'maiko akutali ndi kuno monga Canada, Scotland, Norway ndi Sweden. Kuno kwathu ndi osowa, komanso ndi ovuta kuwazindikira, pakuti makina a MRI amapezeka m'zipatala zazikulu zowerengeka. Popeza ana athu ambiri tsopano ali ku Britain ndi ku South Africa, dzinali tidzalimva kawirikawiri.

Pa odwala 100, pafupifupi 85 amayamba ndi mtundu umene umabwera ndi kupita: munthu amadwala masiku kapena masabata, kenaka nkupeza bwino kwa miyezi ngakhale zaka. Izi ndizo zinatisokoneza ife. Mwa ena matendawa amangokulirakulira pang'onopang'ono. Sapatsirana podyera limodzi, pogona limodzi kapena pochapa zovala za wodwala. Samatengera kwa makolo mwachindunji, ngakhale kuti achibale a wodwala ali ndi mpata wokulirapo pang'ono. Akatswiri apeza kuti kusuta fodya, kuchepa kwa vitamini D, ndi kachilombo kotchedwa Epstein-Barr zimaonjezera mpata wodwala.

Mankhwala ochiziratu sanapezeke, koma alipo ochepetsa kubwerabwera kwa matendawa. Oyamba, otchedwa interferon beta, analoledwa ku America m'chaka cha 1993, ndipo m'chaka cha 2023 bungwe la World Health Organization linaika mitundu itatu ya mankhwala a MS pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika: cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab. Odwala ambiri amakhala ndi moyo zaka zambirimbiri, ndipo ambiri amapitiriza kuyenda, ena ndi ndodo.

Tichenjezane pano. Si dzanzi lirilonse limene liri MS. Sitiroko, shuga, chifuwa chachikulu cha mu msana, likodzo lofika mu msana ndi kachilombo ka HIV zimafooketsanso miyendo, ndipo kwathu kuno zambiri mwa izi ndizo zofala. Munthu apite kuchipatala akapimidwe, asadzipatse yekha dzina la matenda. Koma malangizo amene titchule apa angathandize aliyense amene ziwalo zake zafooka.

Kutopa

Mnzathuyo amati, "Mwendo ndimautha, koma kutopa ndiko kumandigonjetsa." Kutopa kwa MS kumabwera ngakhale munthu wagona usiku wonse, ndipo sikuoneka pa nkhope. Iwo amayerekeza mphamvu zawo ndi ufa wa kumapeto kwa mwezi: mayi wanzeru amayeza ndi mbale kuti ufike. Kotero ntchito yolemera aigwire m'mawa kukali kozizira, ndipo ikhale imodzi patsiku. Lero kuchapa, mawa kuzira nyumba. Chirichonse chimene chingachitike chikhalire, monga kusadzula ndiwo, kupeta, kutsuka mbale ndi kusita, achite atakhala pa mpando. Apume asanatope, pakuti akadikira kuti thupi likane, mawa lonse adzagona. Madzi atunge m'zigubu zazing'ono, kapena ana atunge. Ziwiya za masiku onse zikhale pafupi, pamalo posafuna kuwerama kapena kukwera. Ngati mawa kuli ukwati kapena ulendo, lero likhale tsiku lopuma.

Kutentha

Tsiku lija mnzathu anadzandira pa msewu, chinawagwetsa ndi dzuwa. Thupi likatentha, mitsempha yoonongekayo imalephera kwambiri kudutsitsa uthenga, ndipo maso amachita mdima, miyendo nkulemera. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, analemba za zimenezi m'chaka cha 1890. Chotonthoza nchakuti thupi likazizira, munthu amabwerera m'mene analiri. Tsono m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala asayende masana. Asambe madzi ofunda pang'ono kapena ozizira, amwe madzi a mu mtsuko pafupipafupi, ndipo anyowetse kansalu ndi kuika m'khosi. Kuphika kukhale pa mbaula panja pamthunzi, pakuti m'khitchini yotseka, yofolera malata, mumatentha koposa. Malungo nawonso amatenthetsa thupi, choncho agone m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha akayezetse tsiku lomwelo.

Dzanzi, moto ndi kugwa

Dzanja la dzanzi silimva kutentha. Mnzathuyo anapsa ndi phala osadziwa, anangoona matuza. Madzi osamba ayambe wawayesa wina, kapena awayese ndi chiwalo chimene chikumva bwino. Poto wa madzi owira asanyamule yekha, atunge ndi kapu pang'onopang'ono. Powotha moto miyendo ikhale patali. Madzulo aziona ku mapazi ngati kuli minga kapena bala, ndipo avale nsapato zogwira phazi lonse, pakuti patapata amavuka ndi kupunthwitsa.

Abambo, apa pali ntchito yanu. Njira ya ku chimbudzi ndi ku bafa isalazidwe, miyala ndi zitsa zichotsedwe. M'chimbudzi zikani mtengo wolimba wogwirira, ndipo khomani mpando wobooka pakati kuti wodwala asavutike kunjuta. Ku bafa kukhale kampando ndi pogwira. Tochi ikhale kumutu kwa bedi, ndi chitini cha usiku pafupi. Mikeka yopindika ndi zingwe zisakhale m'njira. Ndodo si chinthu chochititsa manyazi. Mnzathuyo anaikana chaka chathunthu poopa kuti anthu adzati akalamba, koma ataitenga anayambanso kupita ku msika.

Chikhodzodzo ndi m'mimba

Izi sitikonda kuzinena pagulu, koma tiri amayi tokhatokha ndi mabanja athu. Odwala ambiri mkodzo umawapana mwadzidzidzi, kapena sutuluka wonse. Ena poopa kudzionongera amaleka kumwa madzi, ndipo ena amaleka kubwera ku misonkhano. Kuleka madzi kumabweretsa matenda a chikhodzodzo ndi kudzimbidwa. Amwe madzi okwanira masana, achepetse madzulo, achepetsenso tiyi, khofi ndi zakumwa za m'mabotolo. Apite kukataya madzi pa nthawi zoikika osadikira kupanidwa. Mkodzo ukamawotcha, ukamanunkha, kapena thupi likatentha, apite kuchipatala msanga, chifukwa matenda a chikhodzodzo amadzutsa zizindikiro zonse za MS. Pa kudzimbidwa, nsima ya mgaiwa, nyemba, nkhwani, bonongwe, mapapaya ndi mango zimathandiza.

Kulimbitsa thupi ndi chakudya

Kale madokotala anali kuuza odwala MS kuti azingopuma. Tsopano zadziwika kuti kugona kokhakokha kumafooketsa thupi ndi kuumitsa mfundo. Kuyenda pang'ono m'mawa kapena madzulo, kuongola ndi kupinda miyendo pa mphasa, kukhala ndi kuimirira atagwira mpando, zonsezi zimachepetsa kuuma ngakhale kutopa kumene. A mafizo kuchipatala amaphunzitsa zoyenera munthu aliyense, ndipo ku Blantyre kuli malo a Kachere Rehabilitation Centre kumene amathandiza anthu ofooka ziwalo. Wina wa m'banja apite nawo kuti akaphunzire, adzathandize kunyumba.

Palibe chakudya chimene chimachiza MS. Adye za magulu onse monga tonsefe, ndipo wosuta aleke, pakuti fodya amafulumiza matendawa. Chenjerani ndi ogulitsa mabotolo ndi maufa amene amati amachiza zonse. Popeza matendawa amatha kupepuka okha, wogulitsa amati mankhwala ake ndiwo agwira ntchito, ndipo banja limataya mbuzi ndi ndalama za fizi. Mankhwala a kuchipatala asalekedwe popanda mau a dokotala.

Mtima ndi kuiwala

Pafupifupi theka la odwala MS amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa pa nthawi ina ya moyo wawo. Zimachokera ku chisoni, komanso ku zipsera za mu ubongo zomwezo. Tikaona mnzathu wasiya kudya, sagona, amangolira, kapena akunena kuti kuli bwino kufa, tisamdzudzule kuti ndi wofooka mtima. Tikhale naye, timve mau ake, ndipo timperekeze kuchipatala, pakuti chithandizo chiripo. Ena amaiwalaiwala kapena kusowa liwu pakamwa. Kope laling'ono lolembamo masiku a kuchipatala, nthawi ya mankhwala ndi zogula limathandiza. Polankhula naye tinene chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo tisamtsirizire mau.

Banja

Matendawa saletsa kukwatiwa kapena kubereka. Madokotala anaona kuti pa miyezi itatu yomaliza ya pathupi amayamba kugona, koma amakonda kudzuka m'miyezi itatu yoyamba mwana atabadwa. Choncho apongozi ndi anakubala akonzekere kuthandiza nthawi imeneyo. Amene akufuna mwana ayambe wakambirana ndi dokotala, chifukwa mankhwala ena sayenera mayi woyembekezera.

Kwa inu abambo tikuti, mkazi akadwala chotere si nthawi yomtumiza kwawo. Amuna a mnzathuyu anaphunzira kuphika nsima ali ndi imvi, ndipo anzawo anawaseka kuti adyetsedwa. Ife tikuwalemekeza pamaso pa nonse. Za m'nyumba zikavuta chifukwa cha dzanzi kapena kutopa, kambiranani mwachifatse, ndipo musaope kufunsa adokotala. Ana auzidwe zoona monga mwa msinkhu wawo: kuti si iwo anadwalitsa amayi awo, ndi kuti sangatengere. Athandize ntchito, koma mwana wamkazi asasiyitsidwe sukulu kuti akhale mlezi.

Pamene wodwala wagona

Alipo ena amene matenda amawafikitsa pogona. Ameneyo atembenuzidwe pafupifupi maora awiri alionse, pogona pakhale pouma ndi posakwinyika, ndipo tsiku lirilonse tione m'chiuno, m'matako ndi ku zidendene. Malo ofiira kapena akuda amene sakusintha ndiwo chiyambi cha chilonda. Manja ndi miyendo tizipinde ndi kuongola mofatsa. Pakudya akhale tsonga, adye pang'onopang'ono kuti asatsamwe. M'mawa timtulutse pakhonde aone anthu. Tikumbukirenso womsamalayo, pakuti nayenso amatopa. Mutu umodzi susenza denga.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Chizindikiro chatsopano, kapena chakale chimene chakula, chikapitirira maora 24, wodwala akaonane ndi dokotala. Ayamba aona ngati pali malungo kapena matenda a chikhodzodzo. Ngati palibe, ndipo vuto ndi lalikulu, amapereka mankhwala otchedwa steroids kwa masiku 3 mpaka 5 kuti lithe msanga. Diso likasiya kuona, mkodzo ukatsekeka, kapena munthu akalephera kumeza kapena kuyenda mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche.

Mbali yathu

Titadziwa kulakwa kwathu, tinalakwanso kachiwiri. Tinathamangira kunyumba kwa mnzathuyo ndi kuwalanda ntchito zonse. Wina tsache, wina mthiko, wina mwana. Pa msonkhano tinati, "Inu khalani, musavutike." Patapita miyezi iwiri anatiitana, nati, "Poyamba munanditcha waulesi, tsopano mwandisandutsa mtembo. Ndifunseni chimene chikundikanika, zinazo ndisiyireni."

Kuyambira tsiku limenelo timafunsa. Anapempha zinthu zitatu zokha: wowatungira madzi kawiri pa sabata, wopita ku chigayo, ndi wowaperekeza kuchipatala. Tinalemba mndandanda wa maina, ndipo aliyense amadziwa tsiku lake. Pa msonkhano mpando wawo uli pafupi ndi khomo, podutsa mphepo ndi poyandikira chimbudzi. Akalephera kubwera sitifunsa chifukwa, timangotumiza wina kukawauza zimene takambirana. Nsima ya mu mphika waukulu savundulanso, koma ndiwo amasunga buku la odwala onse a m'dera lathu, ndipo ndiwo amatiuza amene sanayenderedwe. Chiyambire kusunga iwo bukulo, palibe wodwala amene waiwalika.

Poyendera wodwala wotere tipite awiri kapena atatu, tisakhalitse, ndipo tisamchititse kutiphikira. Mau akuti "koma mukuoneka bwinotu" tiwasamale, chifukwa kwa iye amamveka ngati tikuti akunama. Ndi bwino kufunsa kuti, "Lero thupi liri bwanji?" ndi kukhulupirira yankho lake.

Pa 30 Meyi chaka chirichonse anthu a m'maiko ambiri amakumbukira odwala MS, ndipo mwambowu unayamba m'chaka cha 2009. Komiti ikupempha kuti sabata imeneyo nthambi iriyonse iyendere mabanja amene ali ndi munthu wofooka ziwalo, kaya ndi MS, sitiroko kapena matenda ena, ndipo abambo apite nawo ndi khasu, nyundo ndi misomali kukakonza njira ndi zimbudzi. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Kwa inu mnzathu, amene mwakhala apo pafupi ndi khomo, tinapepesa kale kunyumba kwanu, koma popeza miseche inayenda poyera, tikupepesanso poyera. Mutikhululukire.